Kanyenyezi koyenda kamene ndaona ku Dedza dzulo, ndani angandiuze dzina lake?

Mwana_wa_Dedza:
Anthuni ndithandizeni. Dzulo madzulo magetsi atazima tinali panja ndi bambo anga tikutonola chimanga pamkeka, mbaula pambali, kuzizira kwa June mukukudziwa kuno kwathu. Ndiye ndinangokweza maso ndikuona kanyenyezi kakuyenda. Sikamathamanga ayi, kamangopita phee kuchokera chakumadzulo, kudzera pamwamba pamutu penipeni, kulowera chakum'mawa. Chomwe chandisowetsa tulo ndi choti kamawala kenako n'kumazilala pang'onopang'ono ngati kakuzima, kenako n'kuwalanso, kanachita choncho mwina kanayi. Phokoso kunalibe. Kenako kasanafike m'munsi kanangosowa poyerayera, mtambo kunalibe ndi umodzi omwe. Nthawi inali cha m'ma 6:40. Bambo akuti zimenezi akhala akuziona kuyambira ali mnyamata koma palibe anawauzapo kuti ndi chiyani. Ine ndikufuna dzina lake lenileni la chinthucho, osati kungoti ndi setilaiti basi.

Kabaza265:
Ndege imeneyo amwene. Zikakhala pamwamba kwambiri sizimveka.

Mwana_wa_Dedza:
Ndege ndimaidziwa achimwene. Imaphethira changu changu ndipo pamakhala kofiira kapena kobiriwira. Aka kanali koyera kokhakokha ndipo kuzilala kwake kunali kwa pang'onopang'ono ngati munthu akuchepetsa chingwe cha nyali.

MayiWaMapasa:
Inu musamaloze zinthu zotere usiku. Kwathu ku Ntcheu tikaona choyenda kumwamba chopanda phokoso timalowa m'nyumba. Si zonse zouluka zili za azungu.

Aphunzitsi_a_Sayansi:
Mayi, mantha anuwo ndikuwamvetsa, tonse tinakula tikuuzidwa choncho. Koma chimene wafotokoza mnyamatayu chili ndi zizindikiro zonse za chinthu chozungulira dziko. Setilaiti ilibe nyali, timaiona chifukwa dzuwa likuiwalira. Ife pansi pano dzuwa limakhala litalowa, koma chinthu chimene chili makilomita 500 kapena 700 m'mwamba chimakhala chikadaotherabe dzuwa, ngati mmene nsonga ya phiri la Dedza imakhalira yowala m'tauni mutagwa kale mthunzi. Ndiye chikamapita kum'mawa chimalowa mu mthunzi wa dziko n'kuzimiririka pakati pa thambo. Kusowa kumene kwakudabwitsaniko ndi umboni waukulu woti ndi setilaiti. N'chifukwa chakenso zimaoneka kwambiri maola awiri oyamba kukada ndi m'bandakucha, pakati pa usiku kuno kwathu simuziona kawirikawiri.

Tsopano kuti tipeze dzina, a Mwana_wa_Dedza, tiyankheni izi: kanatenga mphindi zingati? Kanawala bwanji poyerekeza ndi nyenyezi zina? Kanadutsa pafupi ndi nyenyezi iti imene mungaizindikire? Ndipo 6:40 yo munayang'ana pa foni kapena mukungoganizira?

Chiphaniphani:
ISS imeneyo, siteshoni ija ya m'mlengalenga yokhalamo anthu, palibenso zofunsa.

Zamumlengalenga:
@Chiphaniphani ayi sindikugwirizana nazo. ISS ukaiona sumafunsa kawiri, ikadutsa pamwamba imawala kuposa nyenyezi iliyonse ndipo kuwala kwake kumakhala kokhazikika, sikuzilalazilala kanayi ngati mmene akunenera awa. Chinthu chija ndi chachikulu ngati bwalo la mpira, chili pamtunda wa makilomita 400 okha, chimazungulira dziko pa mphindi pafupifupi 92, ndiye chimaoneka chachangu ndithu. Tiangong, siteshoni ya ku China, nayonso imawala mokhazikika. Chowala n'kumazilala mobwerezabwereza nthawi zambiri chimakhala chinthu chakufa chimene chikugubuduzika, kaya setilaiti yoti inasiya kugwira ntchito kaya chigoba cha roketi. Tangoganizani chimgolo chachitali chikutembenuzika, chikakuonetsani m'mbali chiwala kwambiri, chikakulozetsani kumutu chizilala.

Mwana_wa_Dedza:
Aphunzitsi, nthawi ndinayang'ana pa foni katangosowa, inali 6:44. Kuyambira pamene ndinakaona mpaka kusowa mwina mphindi zinayi kapena zisanu, chifukwa bambo anachita kudzuka, kupukuta manja, kubwera pomwe ndinaima ine n'kukaonabe bwinobwino. Pakawala kwambiri kamafanana ndi nyenyezi za mtanda uja wa kum'mwera, osati ziwiri zowala kwambiri zolozera zija ayi. Mayina a nyenyezi sindidziwa koma kanasowera pafupi ndi nyenyezi ina yofiirira chakum'mawa, pamwamba pa mtengo wa mapeyala wa a neba.

Aphunzitsi_a_Sayansi:
Mwatithandiza kwambiri. Yofiirirayo mwezi uno nthawi imeneyo ndi Antares, mtima wa gulu lija looneka ngati chinkhanira. Ndiye kuti kanachokera kumadzulo mopendekera kumpoto, kudzera pamutu pafupi ndi nyenyezi ya Spica, kulowera kum'mawa mopendekera kum'mwera. Njira imeneyi ikutichotsera zambiri. Ma setilaiti ojambula dziko ndi a zanyengo ambiri amadutsa kumapeto onse awiri a dziko, ndiye ife timawaona akuyenda kuchokera kum'mwera kupita kumpoto kapena kumpoto kupita kum'mwera. Aka ayi. Ine ndikukayikira Hubble, telesikopu ija yozungulira dziko. Njira yake inapendekeka madigiri 28.5 okha kuchoka pa equator, ndiye imadutsa pamwamba pathu kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa chimodzimodzi mmene mwanenera, ndipo nthawi zina imachita kung'anima dzuwa likamenya mbali yake yosalala.

Msodzi_Nkhotakota:
Ife panyanja zimenezi ndi za tsiku ndi tsiku. Tikamabwerera kokoka usipa cha m'ma 4 m'mawa nyali titazimitsa, ukangogona chagada m'bwato uona zitatu zinayi zikuyenda. Koma chaka china tinaona mzere wautali, tinyenyezi mwina 40 tikutsatana ngati ana a sukulu pa mzere wa phala. Mnzathu wina anayamba kupemphera mokweza kuti dziko latha. Tsiku limenelo palibe analankhula mpaka kufika kumtunda.

Zamumlengalenga:
A Msodzi amenewo ndi a Starlink, a kampani ya SpaceX. Amawaponya ambiri pa roketi imodzi, ulendo woyamba mu May 2019 anali 60. Masiku oyambirira amakhala ali pafupipafupi komanso m'munsi, ndiye amaoneka mzere, kenako aliyense amakwera pang'onopang'ono n'kubalalikana, kuwala kwake n'kuchepa.

Kabaza265:
Ndi Starlink yomweyi ya intaneti yomwe inayamba kuno 2023? Zida zake ndalama zingati pano, alipo akugwiritsa ntchito atiuze, bandulo yatitopetsa ife.

AnkoloWakuJoni:
Imathamanga inde koma mvula yamphamvu ikamagwa imadukaduka. Mukasonkherana mabanja angapo zimapepuka. Koma funso langa ndi lina, ngati ma setilaiti amayenda chonchi nanga bwanji dishi ya TV timangoimangirira pakhoma malo amodzi zaka ndi zaka osaitembenuza?

Aphunzitsi_a_Sayansi:
Ankolo funso labwino. A TV aja ali kutali kwambiri, makilomita 35,786 pamwamba pa equator. Pamtunda umenewo setilaiti imatenga tsiku lathunthu kuzungulira kamodzi, mofanana ndi mmene dziko limatembenukira, ndiye kwa ife imaoneka yangoima. Amenewo ndi maso okha simungawaone, ndipo ngakhale mutawaona pa telesikopu sakhala akuyenda ngati ka mnzathuyu. Za mitengo ya intaneti tiyeni titsegulire nkhani yake padera, pano timuthandize kaye mnyamatayu.

Mwana_wa_Dedza:
Zikomo aphunzitsi. Ndiye ndalowa pa Heavens-Above, tsamba la pa intaneti losonyeza nthawi imene ma setilaiti amadutsa, monga wina anandiuzira ku inbox, ndapita pa Hubble, koma palibe chikugwirizana. Ikuonetsa nthawi zina zosiyana kutalitali. Ndayang'ananso ISS ndi Tiangong, palibe. Ndiye kapena sikali m'kaundula mwawomo?

WakuLeeds:
Dikirani kaye, pakona yakumanja pamwamba pa tsambalo palembedwa malo ati? Mukapanda kuika malo anu limangokuikani pa 0 ndi 0, pamene ndi pakati pa nyanja ya Atlantic kumunsi kwa Ghana, ndipo nthawi yake imakhala yotsalira ndi maola awiri poyerekeza ndi ya ku Malawi. Anthu ambiri amagwa pamenepa. Sankhani Dedza pa mapu, kapena lembani nokha -14.4 ndi 34.3. Ka minus kaja musakaiwale, mukakasiya ndiye kuti mwadziika ku Sudan. Setilaiti imayenda makilomita oposa 7 pa sekondi imodzi, ndiye malo kapena nthawi zikangolakwika pang'ono zonse zimasokonekera.

Komanso mudziwe kuti muli ndi mwayi kumudziko. Ine kuno Hubble sindingaione ngakhale nditadikira chaka chonse, siifika kumpoto kuno. Chomwe tili nacho ndi choti miyezi ino ya June ndi July dzuwa sililowa pansi kwambiri, ndiye ma setilaiti amaoneka usiku wonse, koma magetsi a m'tauni amaphimba zambiri. Thambo la kwathu lija lakuda bii, Mlalang'amba uli mbee kuchokera uku mpaka uko, ndimalisowa kwabasi.

Gogo_wa_pa_Mpanje:
Ndakondwa kuti mwautchula Mlalang'amba. Ana a masiku ano mukuti Antares, Spica, koma Nsangwe mukuidziwa? Akamwiniatsatana? Nthanda? Makolo athu ankadziwa kuti nthawi yokonza minda yayandikira poyang'ana Nsangwe. Pajatu fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tiphunzire za eni akezo koma zathu tisataye.

MayiWaMapasa:
Zoona agogo. Ine Nthanda ndi imene amayi ankatidzutsira kuti tikatunge madzi kusanache.

Chiphaniphani:
Nanga mwina ndi Nthanda yomweyo anaona awa?

Zamumlengalenga:
Ayi, Nthanda ndi pulaneti Venus, simungaione ikusuntha ndi maso, imangotsetsereka limodzi ndi nyenyezi zinzake pa maola. Komanso siifika pamutu kunja kutada. Ndipo si nyenyezi yothothoka, ija imatha sekondi imodzi kapena awiri basi.

Mwana_wa_Dedza:
A WakuLeeds mwalasa. Ndinalidi pa 0 ndi 0. Ndakonza tsopano. Koma ngakhale pano Hubble dzulo madzulo sinadutse, ikuonetsa kuti masiku ano ikudutsa m'mawa. ISS palibenso. Aphunzitsi tsopano titani?

Aphunzitsi_a_Sayansi:
Ndiye kuti Hubble ndinaphonya, tiichotse. Pitani pomwe pali mndandanda wa ma setilaiti onse owala a tsiku lililonse, bwezani deti likhale la dzulo, sankhani madzulo, ndipo pa kawalidwe sankhani 4.5. Manambala a kawalidwewa amayenda chobwerera, nambala ikachepa ndiye kuti chinthucho ndi chowala kwambiri. Nyenyezi za mtanda zija zili pakati pa 1 ndi 3, ndipo maso abwino kumudzi kopanda magetsi amafika mpaka 6. Mndandanda ubwera wautali, musatope. Muyang'ane chimene chinafika pamwamba kwambiri cha m'ma 6:41 kapena 6:42, madigiri oposa 70, n'kuthera kum'mawa cha m'ma 6:44 chikadali m'mwamba ndithu. Mukadina pa dzinalo pabwera mapu a thambo ndi mzere wa njira yake, muone ngati mzerewo ukudukira pafupi ndi Antares.

Kuyeza madigiri n'kosavuta, tambasulani mkono mukunge nkhonya, nkhonya imodzi ndi madigiri pafupifupi 10. Kuchokera pomwe thambo lakumana ndi dziko kufika pamutu ndi nkhonya 9. Antares nthawi imeneyo imakhala nkhonya zitatu ndi pang'ono.

MlondaUsiku:
Pepani kulowerera, nanenso ndili ndi langa. Ndimagwira ntchito ya ulonda ku Mzuzu ndiye thambo ndi mnzanga. Mwezi watha m'bandakucha ndinaona tiwiri tikuyenda limodzi, kena patsogolo kena pambuyo, mpata wake ngati zala ziwiri ndipo mpatawo sumasintha ayi. Tinali tosawala kwenikweni ndipo timayenda pang'onopang'ono kuchokera chakum'mwera. Sunali mzere wa Starlink, umenewo ndinauonapo. Mwana wanga anafufuza pa app ya pa foni osapeza kanthu.

Zamumlengalenga:
A Mlonda, zanuzo ndi zosangalatsa zedi. Alipo ma setilaiti a asilikali amene amayenda awiriawiri kapena atatuatatu dala. A ku America anthu amawatcha NOSS, ntchito yake ndi kumvetsera mawailesi ndi ma radar a sitima zapamadzi kuti adziwe pomwe zili, ndipo kuti apeze malo molondola pamafunika angapo omvera pamodzi. Akale ankayenda atatu, kuyambira 2001 anayamba kuwaponya awiriawiri. A China nawo ali ndi ena mwa ma Yaogan oyenda atatu. Amakhala cha m'ma 1,100 km, n'chifukwa chake amaoneka oyenda mochedwa. Tsopano nkhani ndi yoti kaundula wamkulu wa zinthu zozungulira dziko amasunga ndi asilikali a ku America, chilichonse chimapatsidwa nambala, ISS ndi 25544, Hubble ndi 20580, koma njira za ma setilaiti awo achinsinsi kwa zaka zambiri sankazitulutsa poyera. Amene amawalondola ndi anthu wamba okonda zimenezi m'mayiko osiyanasiyana, amakhala panja ndi magalasi oonera patali, kamera ndi wotchi, kulemba sekondi yeniyeni imene kadontho kadutsa pakati pa nyenyezi ziwiri, n'kumagawana mpaka kuwerengetsa njira yonse. Ndiye app ikapanda kuonetsa sizitanthauza kuti munaona zachilendo, mwina app yo ilibe manambala amenewo basi.

Kabaza265:
Ndiye kuti amationa tikamasamba kubafa ya udzu eti?

Zamumlengalenga:
Awiriawiriwa ndi omvetsera, si ojambula. Ojambula alipo ena, koma chidwi chawo chili pa mabwalo a ndege, madoko ndi misasa ya asilikali.

Mwana_wa_Dedza:
Anthuni ndachipeza!!! Pa mndandanda panali zitatu zoyandikira nthawi imeneyo. China cholembedwa SL-16 R/B koma mzere wake ukuchokera kum'mwera kupita kumpoto, si chimenecho. China cha Starlink koma chinadutsa m'munsi kwambiri chakumpoto. Chachitatu chalembedwa Atlas Centaur 2, mzere wake ukudutsa pafupi ndi Spica n'kudukira pambali pa Antares 6:44 yomweyo. Thupi langa lachita tsemwe. Kodi chimenechi ndi chiyani?

WakuLeeds:
Eee mwapeza nkhalamba yeniyeni. Onani nambala yake, ndi 694, pamene za masiku ano zinadutsa kale 50,000. Chimenecho si setilaiti yogwira ntchito, ndi gawo lapamwamba la roketi limene NASA, bungwe la ku America la za m'mlengalenga, inaponya kuchokera ku Cape Canaveral ku Florida pa 27 November 1963. Unali ulendo woyesera, ndipo kanali koyamba kuti roketi ya Centaur, yoyendera hydrogen wamadzimadzi, iuluke bwinobwino mpaka kuyamba kuzungulira dziko, woyamba uja wa 1962 inaphulika itangonyamuka. Ndi chimgolo chachitsulo chonyezimira, mamita pafupifupi 9 m'litali ndi 3 m'mimba mwake. Njira yake inapendekeka madigiri 30, pafupifupi ngati Hubble, ndiye aphunzitsi sanaphonye patali.

Gogo_wa_pa_Mpanje:
1963? Ndiye kuti chinakwera dziko lino likadali Nyasaland, ufulu tinalandira pa 6 July 1964. Ine ndinali ndisanayambe ndi sukulu yomwe. Zaka zonsezi chikungozungulira pamutu pathu osagwa?

MayiWaMapasa:
Ndi pamene pali mantha angapo. Tsiku lina sichidzatigwera padenga chimenechi?

Aphunzitsi_a_Sayansi:
Agogo, sichifuna mafuta kuti chizizungulira. Chikugwa ndithu nthawi zonse, kungoti liwiro lake lopita cham'mbali ndi lalikulu moti pamene chikugwa dziko nalo likupindika pansi pake, ndiye sichifika. Chimene chimatsitsa zinthuzi ndi kampweya kochepa kamene kali m'mwambamo, kamazikoka pang'onopang'ono. ISS ili m'munsi ndiye amachita kuikankhira m'mwamba kawirikawiri. Ichi njira yake ndi yozungulira ngati dzira, mbali ina chimatsika kufika cha m'ma 450 km, mbali ina chimakwera kupitirira 1,000, ndiye nthawi yambiri chimakhala kopanda mpweya. Mayi, tsiku lina chidzatsika inde, ndipo zambiri zimapsa zikamalowa mu mpweya. Zidutswa zina zimafika pansi, sindikubisirani, mu December 2024 chimkombero chachitsulo cha makilogalamu pafupifupi 500 chinagwa pamudzi wa Mukuku ku Kenya ndipo a Kenya Space Agency anati ndi cha roketi. Palibe anavulala. Gawo lalikulu la dziko ndi nyanja ndi tchire, zambiri zimathera kumeneko.

Zamumlengalenga:
Ine ndisanavomereze kwathunthu ndikufuna tiyese kaye. Kugwirizana kamodzi ndi chinthu chimene chinadutsa kale n'kosavuta, kumwambaku kwadzaza zinthu masauzande, munthu ukafunitsitsa umapeza chofanana. A Mwana_wa_Dedza onani tsiku limene chidzadutsenso, mutilembere pano nthawi ndi njira yake zisanachitike, kenako mutuluke panja. Chikabwera pa mphindi yomweyo, malo omwewo, n'kumazilala chimodzimodzi, ndiye nkhani yatha.

Chiphaniphani:
Inu nanunso kukayika zilizonse. Munthu wapeza kale.

Aphunzitsi_a_Sayansi:
Ayi a Zamumlengalenga akunena zoona, ine ndinali wotsimikiza za Hubble ndipo sizinali. Ayese.

Mwana_wa_Dedza:
Chabwino. Ikuti mawa 6:19 koma kudzakhala kusanade bwino ndipo n'cham'munsi. Lachisanu ikuti chituluka kumadzulo 6:52, kudutsa pakati pa mutu ndi mtanda wa kum'mwera, kusowa 6:58. Ndalemba pa pepala ndamata pachitseko.

MlondaUsiku:
Nafenso kuno ku Mzuzu tingachione nthawi yomweyo?

WakuLeeds:
Mungachione koma kwa inu chidzakhala chotsikirapo chakum'mwera, Mzuzu ndi Dedza zatalikirana makilomita oposa 300. Ikani malo anu, -11.5 ndi 34.0, tsambalo likupatsani mapu anuanu. Mutuluke mphindi 10 nthawi isanakwane ndipo musamayang'ane foni kapena tochi, maso azolowere mdima.

Mwana_wa_Dedza:
Ndabwera ndi lipoti. Lachisanu kunali nkhungu masana onse ndinataya mtima, koma cha m'ma 6 kunayera. Tinatuluka ine, bambo, mayi, ana a a neba asanu ndi agogo ena amene anachita kubwera ndi mpando wawo. Mbaula tinaisiya kuseri kwa nyumba kuti isatithobwe m'maso. 6:52 palibe. 6:53 palibe, ana ayamba kung'ung'udza, ine mtima uli phaphapha. Kenako kamtsikana kena ka Sitandade 4 kanakuwa kuti ako ako, pamwamba pa nkhokwe! Kanali komweko, kakuwala n'kumazilala monga tsiku lija, kanadutsa pamwamba pa mtanda, ndipo 6:58 kanafiira pang'ono n'kuzima. Ndikuganiza kuti mphindi yoyamba ija kanali m'munsi kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Bambo anabadwa 1961, anangoti ndiye kuti ndakula nacho chinthu chimenechi, kenako anandiuza kuti ndiwalembere dzinalo kuseri kwa kalendala.

Zamumlengalenga:
Basi ndavomera, ndi Atlas Centaur 2. Kufiira kwa kumapetoko ndi kuwala kwa dzuwa kodutsa mu mpweya wa m'mphepete mwa dziko, chinthucho chimakhala chikuona dzuwa likulowa.

MlondaUsiku:
Nanenso ndinachiona kuno, chotsika chakum'mwera monga ananenera a WakuLeeds. Tsopano tibwerere kwa tiwiri tanga tija. Deti lenileni sindinalembe, ndingatani?

Zamumlengalenga:
Popanda deti ndi nthawi n'kovuta a Mlonda, tidikire tibwerenso. Ikani kabuku ndi bolopeni m'thumba la jekete. Mukadzationa yang'anani wotchi nthawi yomweyo mulembe mpaka mphindi, mulembe komwe tachokera, nkhonya zingati kuchokera pansi, mpata wake zala zingati, ndi nyenyezi yowala imene tadutsa pafupi. Mudzatitumizire m'mawa mwake tidzafufuze limodzi.

MlondaUsiku:
Kabuku ndili nako kale ka ma shifiti. Sabata ino ndili ya usiku mpaka Lamulungu, ndiziyang'ana kuyambira 4 koloko.